Ndinkakonza Uvuni Uku Ndikuuwononga

1

Dzina langa ndine Steward Mhone. Ntchito yanga ndi yokonza mauvuni a m'mabekale ndi m'mahotela, ndipo sindikudzitama ayi, ndimaidziwa. Ndinaiphunzira ku Kitwe, m'dziko la Zambia, komwe ndinakhala zaka 18. Koma nkhani imene ndikufuna kukuuzani ndi ya uvuni umodzi womwe ndinauwononga katatu ndi manja anga omwewa, eni ake akundithokoza ndi kundithirira tiyi.

Ndinabwerera kuno mu 1994, chaka cha chisankho, nthawi imene anthu othawa boma lakale ankabwerera kwawo. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti inenso ndinathawa ndale. Anthu ankandipatsa moni ndi manja awiri, ena n'kundigulira chakumwa. Ine ndinkangolandira, maso ali gwa.

Tsiku lina mu June 1995, pa shedi yanga ku Lilongwe panafika bambo wina wamtali, wovala mkanjo ndi mzuli woyera.

"Ndinu a Mhone okonza mauvuni?"

"Ndine amene."

"Ine ndine Bakari, ndachokera ku Nkhotakota. Kale ndinkagulitsa nsomba, koma poti masiku ano aliyense akutsegula bizinezi, ndinawagulira akazi anga uvuni wa nthunzi pa okushoni ya hotela ina yomwe inatsekedwa. Miyezi itatu unagwira bwinobwino. Pano ukungolira ngati mbuzi yomangidwa, getsi lofiira lili psuu, ndipo buledi akutuluka wouma woti mungagendere galu."

"Ku Nkhotakota cha kuti?" ndinafunsa.

"Pa boma penipeni."

Ndinapumira m'mwamba. Kwathu ndi ku Dwambazi, ndipo chibwerere ndinali nditapitako kangapo. M'boma lonse la Nkhotakota ndinkaopa malo amodzi okha, pa Benga. Basi ikaima pamenepo ndinkatsitsira chipewa kumaso ngati ndagona. Koma pa boma panalibe wondidziwa.

"Mawa tinyamukire limodzi," ndinatero.

2

Bekaleyo inali pafupi ndi msika, kanyumba ka malata kopakidwa utoto wobiriwira. A Bakari anandilowetsera kukhomo la kumbuyo n'kuitana.

"Mariamu! Amisiri aja ndi awa."

Mayi wina anatulukira atanyamula thireyi ya mabanzi. Atandiona anaima chilili. Thireyi ija inapendekeka, mabanzi n'kuyamba kugubuduka pansi.

"Yanditentha," anatero Mariamu, chikhalirecho mabanziwo anali a dzulo.

Mtsikana wina wa mpango wachikasu anathamangira kudzatola uku akuseka.

"Uyu ndi Rahma, mwana wathu woyamba," anatero a Bakari. "Uvuniwu mwini wake weniweni ndi ameneyu. Mu September tikumupereka kwa mphunzitsi wina wa ku Liwaladzi, dzina lake Hussein. Kodi pa ndowa yake tidzadyetsa anthu buledi wa miyala?"

Kwa inu amene simudziwa, ndowa ndi ukwati wa Chisilamu. Ndipo kwa amene simunauonepo uvuni wa nthunzi, kumbuyo kwake kumakhala thanki ya madzi. Madzi amachoka m'menemo, kudutsa pa sefa, kutsika ndi payipi mpaka pamalo otentha pomwe amasanduka nthunzi. Nthunziyo ndi imene imafewetsa buledi ndi kumuwalitsa khungu. M'thankimo mumayandama kampira komangirira ku kandodo kachitsulo. Madzi akachepa, kampirako kamatsika n'kutsegula njira kuti ena alowe. Akadzaza, kamakwera n'kutseka. Kakatsika kwambiri, getsi lofiira limayaka, belu limalira, nthunzi n'kudulidwa.

Ndinatsegula chivundikiro. Thanki inali yodzaza mpaka kusefukira.

"Ndiye bwanji uvuniwu ukunama kuti mulibe madzi?" anafunsa Rahma, mutu wake uli pafupi ndi wanga.

"Uvuni suona madzi, mwanawe. Umangomvera kampira aka. Takagwira."

Anapisa dzanja. "Sikakusuntha. Kakanirira pansi."

"Zoyera izi ukuziona? Ndi laimu wa m'madzi, wamata kandodo. Mumathira madzi a kuti?"

"A pampopi. Koma akasiya timatunga pachitsime."

"Ndiye sefa nayo tiipeza ndi mchenga. Kandipezere mandimu ambiri."

Tinafinya mandimu tonse awiri, kunyika kandodo, kukwecha, kutsuka sefa. Mtsikanayo ankafunsa chilichonse, ndipo chimene wauzidwa kamodzi sankafunsanso. Ine maso anga sanali pa thanki. Ndinkayang'ana zala zake, mphumi yake, mmene amasekera. Ntchito ya ola limodzi ndinaigwira maola anayi.

Pomaliza panatsala kalabala kozungulira kamene kamakhala pomwe payipi imatulukira m'thanki. Kakale kanali kong'aluka. Katsopano kanali m'thumba langa la malaya. Ndinakagwira, ndinakasiya momwemo, n'kubwezera kakale komweko.

Buledi anatuluka wonyezimira. A Bakari anandikumbatira. Mariamu sanatulukenso m'chipinda chosungiramo fulawa mpaka ine kunyamuka.

3

Patatha milungu iwiri, telefoni inalira pa golosale yoyandikana ndi shedi yanga.

"A Mhone, kwasefukira kuno! Pansi ponse pali thamanda, tikuyenda titapinda mikanjo."

"Ndikubwera mawa," ndinayankha, a Bakari asanamalize n'komwe.

Ndinameta ndevu, ndinasita malaya. Nditafika ndinayendayenda mozungulira uvuni ndikupukusa mutu ngati dokotala woona matenda achilendo. Ndinagogoda thanki, ndinanunkhiza payipi, kenaka ndinamuuza Rahma kuti apukute paliponse ndi nsalu youma, ayang'ane pomwe dontho loyamba litulukire.

"Apa!" anakuwa. "Pa kalabala aka."

"Uli ndi maso a mmisiri iwe."

Ndinaika katsopano kaja. Koma Rahma atatuluka kukandikonzera tiyi, ndinang'amba kansalu kakang'ono n'kukakankhira mkati mwa sefa. Ndinkadziwa kuti kadzatola zinyalala pang'onopang'ono mpaka madzi kuleka kudutsa.

A Bakari atatulutsa chikwama ndinakana. "Ntchito yobwereza sindilipiritsa."

"Ngakhale ya basi?"

"Ngakhale ya basi."

"Wallahi, anthu otere anatha m'dziko muno," anatero a Bakari.

Ulendo wachitatu unafika kumapeto kwa July. Thanki yodzaza, kampira kali bwinobwino, koma nthunzi kulibe. Ndinamuphunzitsa Rahma kutsatira madzi kuyambira pomwe alowera mpaka pomwe athera, kumasula malo amodziamodzi. Titafika pa sefa ndinamutuma kukatseka mpopi panja, kansalu kaja n'kukaponya m'thumba.

Wolowa sanali Rahma. Anali Mariamu. Anatseka chitseko n'kuchitsamira.

"Steward, ukufuna chiyani kuno?"

"Ndikukonza uvuni."

"Usandiyese mwana. Uvuni uwu unayamba liti kudwala mwezi ndi mwezi?"

"Ndi wakale, Mariamu."

"Ndinakhala chete tsiku loyamba chifukwa ndinkati ukonza n'kumapita. Konza lero, ukonzeretu, ndipo phazi lako lisapondenso pano. Wandimva?"

"Ndamva."

Ndinamvadi. Koma atangotuluka, ndinatenga chopanira n'kupinda kandodo ka kampira kaja pang'ono, kuti kazitseka madzi thanki isanafike ndi theka lomwe. Masiku wamba palibe akanazindikira. Koma tsiku lophika zambiri, madzi akanatha msanga, belu n'kuyambanso nyimbo yake.

4

Tsiku lomwelo ndinachitanso china chopusa kwambiri. Ndinauza a Bakari kuti Rahma akufunika zida zakezake, ndiye mtsikanayo andiperekeze ku sitolo ya zitsulo kumsika.

Tinayenda limodzi pakati pa msika dzuwa lili paliwombo. Misika ya masiku amenewo inali yaphokoso, aliyense atavala nsalu ya chipani chake, mawailesi akutsutsana. Ndinamugulira masipanala atatu ndi sikuludilaiva. Ndinamugulira chakumwa chozizira. Tinakhala pa benchi, ine n'kumamufunsa mafunso opanda mutu. Anabadwa mwezi wanji? Sukulu analekera pati? Husseiniyo ndi munthu wotani, sakalipa?

"Bambo Mhone, mukufunsa ngati apolisi," anaseka Rahma.

"Ndikungofuna kudziwa ngati akuyenera mtsikana ngati iwe."

Patsogolo pathu panali mayi wina wogulitsa zitenje, wonenepa, wa ndolo zikuluzikulu. Anasiya kupima nsalu n'kumatiyang'ana, kasitomala akudikira.

"Awo ndi a Asha, azakhali awo a Hussein," ananong'ona Rahma, n'kupita kukawapatsa moni atagwada.

"Alendowa ndi a kuti?" anafunsa a Asha, mawu ali pamwamba.

"Ndi amisiri a uvuni, a ku Lilongwe."

"Ooh, ndi amenewa? Amene amabwera ulele aja? Uvuniwo lero mwabwera nawo pa benchi?"

Amayi oyandikana nawo anaseka. Inenso ndinaseka nawo, ngati chitsiru. Sindinkadziwa kuti nkhani inali itayamba kale kuyenda: bambo wa imvi, wometa bwino, wochoka ku Lilongwe katatu konse osalandira kanthu, wokhala maola anayi kuseri kwa uvuni ndi mtsikana wotomeredwa.

5

Telefoni yondiitanira ulendo wachinayi inabwera pakati pa August. Mawu a a Bakari anali ouma.

"Mubwere Lachisanu. Mufike tikatuluka kumzikiti."

Ndinapeza bekale yotseka masanasana. Mkati, mozungulira tebulo lokandirapo fulawa, munakhala a Bakari, Mariamu, Rahma ndi a Asha. Panalibe tiyi.

"Khalani apo," anatero a Bakari. "Rahma, auze."

Rahma anaika kandodo ka kampira patebulo.

"Lachiwiri tinali ndi oda ya mabanzi a msonkhano wa chipani. Belu linayamba kulira. Sindinafune kuvutitsa munthu, ndiye ndinatsatira madzi monga munandiphunzitsira. Mpopi uli bwino, sefa ili bwino, kalabala kali bwino. Koma thanki sinkadzaza. Nditamasula aka ndinaona kuti n'kopindika. Ndinakatsuka ndine tsiku loyamba lija, kanali kowongoka." Anakatembenuza. "Ndipo awa ndi mano a chopanira. Ife muno tilibe chopanira, bambo Mhone."

Kunena zoona, chinthu choyamba chimene ndinamva mumtima chinali kunyadira. Manyazi anabwera pambuyo.

"Mwamva?" anatero a Asha, akumenya tebulo. "Amawononga dala kuti azibwera! Akubwerera chiyani? Buledi? Ku Lilongwe kulibe buledi? Ife kwathu takhala pansi. Ndowa yaima kaye mpaka timve bwinobwino kuti pakati pa bambo awa ndi mtsikanayu pali chiyani."

"Palibe chilichonse, azakhali!" Rahma anayamba kulira.

A Bakari sanakweze mawu. "A Mhone, ndinakulandirani ngati m'bale. Mwadya m'nyumba mwanga. Ndiuzeni pamaso pa anthu awa, mwana wanga mukumufuna chiyani?"

Ndikakhala chete, ukwati wa Rahma unali utatha, dzina lake litaipa m'boma lonse. Ndikalankhula, ndinali kuvula Mariamu pamaso pa mayi amene pakamwa pake panali pachangu kuposa wailesi. Ndinayang'ana Mariamu ngati mwana wopempha kuti amuyankhire funso m'kalasi.

Mariamu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Mwamuona? Mpaka lero akudikira kuti wina amusenzere." Anatembenukira kwa amuna ake. "Bambo a Rahma, dzina loyamba la munthu uyu munamufunsa?"

"Ndi a Mhone."

"Ndi Steward. Steward wa pa Benga uja."

6

Tsopano ndikuuzeni chimene ndakhala ndikukubisirani.

Sindinathawe ndale ine. Khadi la chipani ndinali nalo, ndipo kumisonkhano ndinkaimba mokweza kuposa aliyense. Mu 1976 ndinali mnyamata wogulitsa m'sitolo pa Benga, ndipo ndinali pa chibwenzi chobisa ndi Mariamu, mtsikana wa zaka 17. Tsiku lina anandiuza kuti ali ndi pathupi. Amjomba ake, ndiye kuti amalume ake, anatumiza uthenga woti ndikaonane nawo Loweruka, tikakambe za ukwati ndi za chipembedzo. Lachisanu m'mawa ndinakwera lole ya fodya. Sindinatsanzike, sindinalembe kalata ngakhale imodzi.

Tsiku limene ndinamuona Rahma akutola mabanzi, sindinafunike kuuzidwa. Nkhope yake inali ya malemu mayi anga.

A Bakari anavula mzuli n'kuuyang'ana mkati ngati muli yankho. Iwo anakwatira Mariamu akudziwa zonse, mimba ili ya miyezi isanu, ndipo mwanayo anamunong'oneza azana, mawu oitanira kupemphero aja, m'khutu ndi pakamwa pawo tsiku lobadwa. Chimene sankadziwa ndi nkhope ya wothawayo.

"Ndiye kuti ine," anatero pang'onopang'ono, "ndinakwera basi, kudutsa Salima, mpaka ku Lilongwe, kukafunafuna munthu ameneyu ndi miyendo yanga? Amisiri onse a m'dziko muno, ine n'kukasankha uyu?"

A Asha anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri, koma maso awo ankaoneka kuti afika kale kumsika.

M'banjamo, Rahma yekha ndiye sankadziwa kanthu. Anayang'ana mayi ake, anayang'ana a Bakari.

"Ababa, n'zoona?"

"N'zoona, mwana wanga. Tinkati tidzakuuza ukadzakhazikika pabanja."

"Rahma," ndinayamba, "ine ndinkangofuna kukuona. Ndinalibe njira ina yoti..."

"Njira inalipo," anandidula. Misozi inali itauma. "Khomo lakutsogolo lilipo pa nyumba ino. Inu munasankha kuseri kwa uvuni. Mukudziwa kuti milungu iwiri ino amayi a kumsika akumandiloza? Mukudziwa kuti Hussein sanayankhe kalata yanga?"

Anaimirira n'kukaima kumbuyo kwa mpando wa a Bakari, manja ake pamapewa awo.

"Bambo anga ndi awa. Inu ndinu amisiri. Ndiye dzukani, mukonze uvuni wathu. Mukonze zonse ine ndikuona, mundionetse chilichonse chimene chingadzawonongeke, kuti tisadzakuitaneninso."

7

Ndinaugwira uvuni umenewo ngati ndikulemba mayeso. Ndinawongola kandodo, ndinasintha malabala onse, ndinatsuka payipi kuyambira kumwamba mpaka pansi. Ndinamuonetsa kuyeza msinkhu wa madzi, kusefa madzi a pachitsime asanawathire, kutsuka laimu mwezi uliwonse. Iye ankalemba m'kope. Funso lililonse linali la uvuni. Nditamaliza anati, "Zikomo, muyende bwino," n'kunditsegulira chitseko.

A Bakari anandiperekeza mpaka pamsewu. Sanandigwire chanza, komanso sananditukwane.

"Mukanabwera poyera, tikanakhala pansi ngati akuluakulu," anatero. "Mwina pa ndowa mukanapeza mpando, ngakhale wakumbuyo. Pano zili kwa mwanayo."

Zotsatira ndinazimva kwa mlongo wanga wa ku Dwambazi, chifukwa nkhaniyo inafika mpaka kumeneko pasanathe mlungu. Dzina la Rahma linayera, koma amene analipira ndi Mariamu. Chinsinsi chimene anachisunga zaka 18 chinakhala ndiwo za pamsika. Miyezi iwiri sanapite kumisonkhano ya amayi anzake. A kwa Hussein anakokakoka, akuti mtsikanayo magazi ake ndi osadziwika, mpaka Hussein mwini wake anakwera njinga kuchoka ku Liwaladzi n'kukauza azakhali ake kuti iye akukwatira Rahma, osati mbiri ya mayi ake. Ndowa ya mu September inachitika mu December. Ine sindinaitanidwe, ndipo sindikudandaula.

Inu owerenga, makamaka abambo anzanga amene munasiya mwana kwinakwake n'kumadziuza kuti tsiku lina mudzakonza zinthu, mverani ine. Nthawi yonse imene ndinkapinda zitsulo zija ndinkadziuza kuti ndi chikondi. Sichinali chikondi. Ndinkafuna kumva kukoma kokhala pafupi ndi mwana wanga popanda kulipira mtengo wa kunena kuti ndine ndani ndipo ndinachita chiyani. Mu 1976 ndinathawa n'kusiya Mariamu asenze yekha. Mu 1995 ndinabwera, n'kumusenzetsanso. Ngati mukufuna kubwerera, pitani masana, mugogode, munene dzina lanu lonse, ndipo mukonzekere kuuzidwa kuti mwachedwa.

Chaka chatha, popita kwathu, basi inaima pa boma. Mayi wina anafika pawindo ndi dengu la mabanzi, akuitanira kuti ndi a kwa Rahma. Ndinagula awiri. Anali ofewa, khungu lake lowala bwino, nthunzi yokwanira ndendende. Munthu amene ndinakhala naye pampando anandifunsa ngati ndikuwadziwa eni bekaleyo.

"Ndinawakonzerapo uvuni," ndinayankha.

"Ndiye munakonza bwino, akulu," anatero.

Ndinavomera ndi mutu. Basi inanyamuka.